Mabwinja a Feira ndi Nyumba Zimene Zinasowa Mlowam'malo

Tawuni ya Luangwa, imene mpaka chaka cha 1964 inkadziwika ndi dzina lakuti Feira, ili pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, kumalire a kum'mawa kwa chigawo cha Lusaka, ndipo dera limeneli ndi lotsika kuposa lina lililonse m'dziko la Zambia, pakuti lakwera mamita pafupifupi 330 okha kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Munthu woima pagombe lake amaona maiko atatu nthawi imodzi, popeza kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pamene kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Olemba mbiri ambiri amati kuno ndiko Azungu anayambira kukhazikika m'dziko lonse limene lero ndi Zambia, zaka zoposa zana limodzi ndi theka tawuni ya Livingstone kapena ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, isanamangidwe. Komabe mlendo wofika kumeneko ndi chiyembekezo cholowa m'nyumba yakale ya banja la amalonda, yokhala ndi mipando, mabokosi ndi mbale za eni ake zili chikhalire m'malo mwake, sapeza nyumba yotere. Chimene amapeza ndi chipilala chachikumbutso cholembedwapo zaka ndi maina, milambe ikuluikulu imene anthu a kumeneko amaigwirizanitsa ndi malonda a akapolo, ndiponso miyala yobalalika imene udzu umaibisa nyengo ya dzinja.

Chiyambi cha malowa chili m'nkhondo zimene zinachitika kutali kum'mwera. Pakati pa 1693 ndi 1695 Changamire Dombo, mfumu ya Arozvi, anathamangitsa Apwitikizi m'misika yawo ya kumtunda kwa Zimbabwe, kuphatikizapo msika waukulu wa Dambarare, ndipo olowa ufumu wake sanalolenso kuti Mpwitikizi akhazikike m'dziko lawo ngakhale kuti malonda enieniwo ankawafuna. Misika yotereyi Apwitikizi ankaitcha feira, kutanthauza malo okhazikika osinthanirana katundu pansi pa chilolezo cha mfumu ya dziko, ndipo amalonda atasowa kolowera anafunafuna feira yatsopano m'mbali mwa Zambezi. Cha m'ma 1720 gulu lotsogozedwa ndi Francisco Pereira, wochokera ku Goa m'dziko la India, linakhazikika pamathiriro a Luangwa. Ambiri mwa anthu amenewa sanali Azungu ochokera ku Lisbon ayi, koma Amwenye achikatolika a ku Goa ndi ana obadwa kwa akazi a m'chigwamo, ndipo sankayenda okha kukagula golide. Ankatuma avashambadzi, amene anali anthu akuda okhulupirika, ambiri a iwo akapolo, otsogolera maulendo onyamula nsalu za ku India ndi mikanda kupita kwa Arozvi kum'mwera ndi kwa Alenje, Alala ndi Alamba kumpoto, n'kubwerako ndi golide, minyanga ya njovu ndi mkuwa.

Munthu amene dzina lake linatsalira kwambiri m'mbiri ya nthawi imeneyo ndi wansembe wa chipani cha Dominiko, Frei Pedro da Santíssima Trindade, amene anakhala kumeneko zaka zambiri mpaka imfa yake cha m'ma 1750. Iye anali wansembe, wamalonda wa golide ndi mwini akapolo ambiri nthawi imodzi, zinthu zimene m'chigwa cha Zambezi masiku amenewo sizinkaoneka zotsutsana, ndipo ankakumbukiridwanso chifukwa cha mankhwala ake opaka ndi chakudya chimene anagawira anthu pa nthawi ya njala. Chipilala cha ku Luangwa chimati tchalitchi ndi nyumba ya ansembe zinamangidwa ndi iyeyu mu 1745. M'zaka za m'ma 1760 boma la Portugal linakweza Zumbo kukhala vila, ndiye kuti tawuni yokhala ndi khonsolo yakeyake, ngakhale kuti khonsolo imeneyo inkalamulira mabanja owerengeka chabe okhala pa mtunda wa masabata angapo kuchokera ku Tete.

Maonekedwe a nyumba za amalondawo amadziwika bwino ndithu chifukwa cha David Livingstone, amene anafika pamathiriro a Luangwa pa 14 January 1856 ali pa ulendo wochokera ku Linyanti kupita ku Quelimane, ndipo anafotokoza zimene anaona m'buku lake la 1857 lotchedwa Missionary Travels and Researches in South Africa. Mbali ya Feira anapeza bwinja la tchalitchi ndi belu losweka lokhala ndi mtanda ndi zilembo za IHS. Ataoloka Luangwa anapeza mabwinja a nyumba zamiyala zisanu ndi zitatu kapena khumi, zonse zopenya kumtsinje, zomangidwa chokwera pang'ono m'mbali mwa phiri la Mazanzwe kotero kuti mwini nyumba ankatha kuona Zambezi yense ali pakhomo pake. Mamangidwe ake anali amodzi: nyumba kumbali imodzi ya bwalo lalikulu, ndipo bwalolo lozunguliridwa ndi khoma. Miyala yake inali yamchenga, yofewa, yotuwa, yolumikizidwa ndi dothi, ndipo Livingstone anaona kuti omangawo sankapingasa miyala kuti wapamwamba utseke mpata wa iwiri yapansi, kotero kuti mng'alu unkatha kutsika kuchokera pamwamba pa khoma mpaka pamaziko. Madenga anali atachoka kale, ndipo mitengo ikuluikulu inali itamera m'kati mwa zipinda, patangopita zaka makumi awiri okha chichokere eni ake.

Mamangidwe amenewa akuonetsa moyo wa eni nyumbazo mwina kuposa mmene mipando yawo ikanaonetsera. Bwalo lotchingidwa ndi khoma silinali lokongoletsa, koma linali nkhokwe ya nsalu ndi minyanga, pogona pa akapolo a pakhomo, ndiponso pothawira nkhondo ikabuka, pamene kupenya kumtsinje kunali kofunika chifukwa chuma chonse chinkabwera ndi kuchoka pa mabwato. Za katundu wa m'nyumba, umboni wapafupi umachokera ku misika inzake ya Luanze ndi Dambarare ku Zimbabwe, kumene akatswiri ofukula zakale, pakati pawo Peter Garlake m'zaka za m'ma 1960, anapeza mapale a mbale za ku China ndi mikanda yagalasi yambirimbiri. Zinthu zoterezi zinkadzera ku Goa ndi pachisumbu cha Mozambique, n'kukwera Zambezi kudutsa Sena ndi Tete, kenaka n'kusenzedwa pamutu polambalala mathithi a Cahora Bassa, amene bwato silikanatha kuwadutsa. Katundu amene anafika movutikira chotero sankasiyidwa wamba. Wamalonda akamasamuka ankanyamula chilichonse chonyamulika, ndipo chotsala, monga zitseko, mitanda ya denga ndi zitsulo, chinkapeza ntchito m'midzi yoyandikana nayo chiswe chisanachifike.

Chinthu chimene chinagwetsa nyumbazi, koposa chiswe ndi mvula, n'chakuti nthaka imene zinaimapo sinali ya eni ake. Kunsi kwa Zambezi, m'madera a Sena ndi Tete, kunali dongosolo la prazo, limene linali malo aakulu obwereketsedwa ndi mfumu ya Portugal kwa banja limodzi kwa mibadwo itatu, kawirikawiri kudzera mwa mwana wamkazi, ndipo akazi olowa malowa, otchedwa madona, ankasunga luane, ndiye kuti nyumba yaikulu ya pa prazo, kwa zaka zambirimbiri. Ku Zumbo ndi Feira m'zaka za m'ma 1700 kunalibe zotere. Amalonda ankakhala ngati alendo a mafumu a dzikolo, ankapereka mitulo ya nsalu pa ulendo uliwonse ndi pa mlandu uliwonse, ndipo ubale ukasokonekera analibe pogwira. Kangapo konse anachita kupempha asilikali kwa mfumu ya Arozvi kuti adzawapulumutse kwa mafumu oyandikana nawo. Mu 1804 Mburuma, mfumu ya Ansenga a m'derali, anawononga Zumbo, ndipo amalonda anaolokera ku Feira. Zumbo anamangidwanso, n'kuwonongedwanso. Chilala chachikulu cha m'ma 1820 ndi kuchepa kwa golide zinafooketsa malonda otsalawo, ndipo m'zaka za m'ma 1830 malo onse awiri anasiyidwa. Inalinso nyengo yomweyo, mu November 1835, pa tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, pamene Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo malinga ndi mbiri yofala, pa ulendo umene zidzukulu zake zili lero kwa Mpezeni ku Chipata ndi kwa M'mbelwa ku Mzimba.

Apwitikizi anabwerera ku Zumbo mu 1862, koma mphamvu zenizeni m'zaka makumi atatu zotsatira zinali m'manja mwa anthu amene boma linkangowapatsa maudindo pofuna kuti azioneka ngati ake. Otchuka mwa iwo anali José do Rosário Andrade, wodziwika kuti Kanyemba, amene dzina lake linatsalira pa dera la kutsidya kwa Zambezi, ndi José de Araújo Lobo, wodziwika kuti Matakenya, amene anafalitsa ulamuliro wake chokwera Luangwa. Asilikali awo anali Achikunda, mbadwa za akapolo ankhondo a m'maprazo, amene pofika nthawiyi anali atasanduka mtundu paokha, alenje a njovu ndi opalasa mabwato odziwika m'chigwa chonse, monga anafotokozera Allen ndi Barbara Isaacman m'kafukufuku wawo. Nyumba ya mkulu wa nthawi imeneyi inali m'kati mwa aringa, limene linali linga la mitengo yozikidwa mothinana, imene ina inkaphuka n'kukhala mpanda wamoyo, ndipo m'kati mwake munkakhala nyumba ya mwini, nyumba za akazi ake, nkhokwe, ndi mosungira onga ndi minyanga. Chuma chawo chinachokera m'minyanga ndi m'kugwira anthu, ndipo midzi ya Ansenga, Asoli, Atonga ndi Akorekore ndiyo inalipira mtengo wake. N'zosadabwitsa kuti panalibe amene anaona chifukwa chosamalira malinga amenewa eni ake atafa, ndipo pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 June 1891, limene linaika malire pa Luangwa, linadula pakati dziko limene iwo ankadyamo.

Mzungu wina wochokera ku South Africa, John Harrison Clark, amene anthu anamutcha Changa Changa, anakhazikika ku Feira mu 1887, nasonkhanitsa asilikali akeake, n'kumatolera msonkho ndi kuweruza milandu ngati mfumu, koma iyenso sanasiye nyumba ya banja pamalopo, pakuti anasamukira kumpoto ku malo amene anawatcha Algoa, ndipo kampani ya British South Africa italanda ulamuliro iye anatsala munthu wamba mpaka imfa yake ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, mu 1927. Kampaniyo inatsegula boma ku Feira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Nyumba za boma zimakhalitsa, koma mokhala mwake mumasinthasintha anthu, ndipo bwanamkubwa aliyense ankabwera ndi mabokosi ake n'kuchoka nawo.

Kusiyana kwa Feira ndi malo amene nyumba zakale zinasungika kumaoneka bwino poyerekeza ndi Shiwa Ng'andu, kumpoto kwa Mpika. Stewart Gore-Browne, msilikali wa ku Britain amene anabwera mu 1911 kudzagwira ntchito yolemba malire a Northern Rhodesia ndi Congo, anagula malo kumeneko mu 1914, ndipo atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse anayamba kumanga mu 1920, ndi njerwa ndi matailosi zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo. Nyumba yake yaikulu, yokhala ndi nsanja, tchalitchi chaching'ono ndi chipinda cha mabuku, inatha m'zaka zoyambirira za m'ma 1930. Iye anali ndi chikalata cha malo chimene maboma onse otsatira anachilemekeza. Analowa ndale kumbali ya anthu akuda, kotero kuti atamwalira mu 1967 boma la Kenneth Kaunda linamuika m'manda mwaulemu wa boma. Ndiponso anali ndi ana ndi zidzukulu zimene zinatsala m'Zambia. Ngakhale zinali choncho, nyumbayo inatsala pang'ono kugwa mwana wake wamkazi ndi mkamwini wake ataphedwa mu 1992, ndipo inapulumuka chifukwa mdzukulu wina anabwerera kukaikonza. Lero alendo amaonamo mabuku, zithunzi, makalata ndi mipando ya mwini wake. Nyumba nambala 394 ya ku Chilenje mu Lusaka, mmene Kaunda anakhala kuyambira January 1960 mpaka December 1962, inasungika mwa njira ina, pakuti boma ndilo linaitenga n'kubwezeramo ziwiya za banjalo, ndipo Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, inakhala m'manja mwa kampani imodzi kwa zaka zoposa zana. Paliponse mwa malo atatuwa panali wina wokhala ndi ufulu pa nthakayo, chifukwa choisamalira ndi ndalama zofolerera denga likayamba kudontha. Feira sanakhalepo ndi zitatuzi pa nthawi imodzi.

Kungakhale kulakwa, komabe, kuganiza kuti dera lopanda nyumba yosungidwa ndi dera losasunga zakale. Boma la Luangwa lili ndi mafumu awiri, Mfumu Yaikulu Mburuma ya Ansenga a Luzi ndi Mfumu Mphuka ya Achikunda, ndipo dzina la Mburuma, limene linalembedwa m'makalata a Apwitikizi a m'ma 1700 ndi m'buku la Livingstone, likadali ndi mwini wake lero, pamene mabanja a Pereira ndi anzake anazimirira. Pakati pa anthu a m'chigwa chimenechi, monganso pakati pa Achewa, cholowa chachikulu si nyumba. Nyumba yamitengo ndi dothi yofoleredwa ndi udzu imamangidwa podziwa kuti idzatha, mudzi wonse unkasamuka nthaka ikaguga kapena imfa zikachuluka, ndipo m'madera ambiri nyumba ya womwalira inkagwetsedwa kapena kusiyidwa maliro akatha. Chimene chimapatsirana ndi dzina, udindo wosamala mbumba, minda ya m'dimba, manda a makolo, ndi zinthu zochepa zokhala ndi ulemu, monga mpando, ndodo, nkhwangwa, mikanda ndi mfuti yagogodera. Kwa Ansenga zimenezi zimatsata kuchikazi, kuchoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake, pamene Achikunda, amene makolo awo anachotsedwa m'mitundu yosiyanasiyana n'kutaya mbumba zawo, anazolowera kutsata kuchimuna. Zinthu zotere siziikidwa poonekera tsiku ndi tsiku, ndipo mbiri yake imamveka pa miyambo ya chaka ndi chaka, wa Mbambala kwa Mburuma ndi wa Dantho kwa Mphuka, kapena pa mlandu wa malire ndi wa ufumu, pamene akuluakulu amayala mibadwo mmodzimmodzi.

Palinso katundu wina wakale amene kawirikawiri sawerengedwa. M'zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda Feira anali doko lalikulu la anthu opita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ndipo amuna ochokera ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Nyasaland ankayenda pansi masabata angapo, n'kuolokera pamenepa kulowera ku Salisbury ndi kumigodi. Obwerera ankadzera njira yomweyo atasenza mabokosi achitsulo, mabulangete, mapoto amiyendo itatu, ndipo amene zinawayendera ankabwera ndi njinga, makina osokera kapena galamafoni. Katundu wotereyu ndiye anasintha maonekedwe a m'nyumba za anthu wamba kuposa mbale za ku China za amalonda a Zumbo. Doko limeneli linachepa ntchito pamene msewu waukulu wa kum'mawa unaoloka Luangwa pa mlatho makilomita pafupifupi 90 kumpoto, ndipo tawuniyo inatsalira kumapeto kwa msewu wosapitirira kwina, kotero kuti nsomba zake zouma ndi masau ake zimakagulitsidwa pamlatho pomwepo.

Nyumba zakale zenizeni zimene zikuimabe m'derali ndi za mishoni. Ansembe achijezuiti anafika kumpoto kwa Zumbo cha m'ma 1890 namanga mishoni yaikulu ya Miruru, koma ufumu wa Portugal utagwa mu 1910 boma latsopano linawathamangitsa, ndipo ena a iwo anangooloka Luangwa n'kukhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe, kumene pambuyo pake anadzathandizidwa ndi ansembe ndi asisitere ochokera ku Poland. Zotsatira zake n'zophunzitsa: tchalitchi chachikulu cha Miruru, chimene chinasowa okhalamo, chinasanduka bwinja, pamene Katondwe, amene sanasiyidwepo, ali ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala chimene chimalandira odwala ochokera mbali zonse za malire. Chipani cha ansembe si banja lamagazi, koma chili ndi chimene mabanja a amalonda analibe, ndicho kulowana m'malo kosalekeza ndi mabuku a ubatizo, maukwati ndi maliro amene amalembedwa mbadwo ndi mbadwo.

Mtendere umene nyumba imafuna kuti ikalambe unachedwanso kufika. Nkhondo ya ufulu wa Mozambique inafika m'chigawo cha Tete kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inasandutsa gombe la Zambezi kukhala malire ankhondo, ndipo pa 6 March 1978 asilikali a Rhodesia anaoloka n'kuukira msasa wa ZIPRA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Kavalamanja, kumadzulo kwa tawuniyi, kumene kunafanso asilikali a Zambia ndi anthu wamba, ndipo midzi ina inasamutsidwa. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inawononganso Zumbo ndi kuthamangitsira anthu ake kutsidya lino.

Udindo wosamala zotsalazo mbali ya Zambia uli m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1989, koma vuto lake n'lakuti malo amene m'zaka za m'ma 1700 anali mudzi umodzi wamalonda tsopano ali pansi pa maboma atatu, malamulo atatu ndi maofesi atatu oona za olowa ndi otuluka. Bwinja la tchalitchi limene Livingstone anaona linali mbali ya Zambia, nyumba zamiyala zinali mbali ya Mozambique, ndipo dziko la Kanyemba lili mbali ya Zimbabwe. Zolembedwa nazo zinabalalika chimodzimodzi: makalata a akuluakulu a Zumbo ndi madandaulo a amalonda ake ali ku Arquivo Histórico Ultramarino mu Lisbon ndi ku Arquivo Histórico de Moçambique mu Maputo, olembedwa m'Chipwitikizi chakale chimene anthu ochepa a ku Zambia amachiwerenga, pamene mabuku a boma la Feira, mmene mabwanamkubwa ankalembamo mibadwo ya mafumu, maina a midzi ndi zaka za njala monga anamvera kwa akuluakulu a nthawiyo, ali ku National Archives of Zambia mu Lusaka.